Abwana akuti ndilibe emotional intelligence, chimenechi ndi chani kwenikweni?

Mphwake_wa_Kawale:
Anzanga tandithandizani. Ndimagwira ntchito ku stores pa kampani ina yogulitsa zipangizo zomangira kuno ku Lilongwe, stock yanga sinasowepo olo thumba limodzi la simenti, koma usupavaiza apatsa mnyamata amene ndinamuphunzitsa ntchito ndine. Nditafunsa abwana akuti ntchito ndimaitha koma emotional intelligence ndiye ikuchepa, eti madalaivala amadandaula kuti ndimawakalipira pamaso pa makasitomala. Ine munthu akalakwitsa pa delivery note ndimamuuza pomwepo, zobisa mawu sindidziwa. Ndiye akufuna ndizinyambita anthu? Chondiwawa nchoti nditawafotokozera madamu kunyumba, m'malo mondipepesa angoti "abwana anuwo sananame" kkkk nsima sinalowe.

Nangozo:
Achimwene si kunyambita ayi. Mawu amenewa anawatchukitsa wolemba mabuku Daniel Goleman mu 1995, ngakhale akatswiri a za maganizo a anthu Peter Salovey ndi John Mayer anali atalemba kale za zimenezi mu 1990, ndipo nkhani yake ndiyoti uzidziwa kuti apa ndayamba kutentha, uwugwire mtima, komanso uzitha kuona mmene mnzakoyo alili nthawi imeneyo. Ukapsa mtima thupi limatulutsa adrenaline, mtima kuyamba kuthamanga, mawu kukwera okha, ndiye pamenepo chotuluka mkamwa sichikhala chimene unafuna kunena. Tsono taganizani dalaivala uja, mwina wagona pa mzere wa mafuta, mmawa walimbana ndi trafiki ya ku Kanengo, akufika inu mukumuyalutsa kasitomala ali pomwepo, mwina ndi bambo wamkulu woti ana ake ndi amsinkhu wanu. Zoti walakwitsa pa pepala sazimvanso, chimene atenge nchoti mwamunyoza, ndipo mawa akaona vuto pa katundu angokhala chete kuti likugwereni. Chilungamo chomwecho mukanamukokera kuseri kwa lole n'kumuuza muli awiri akanakonza, mwinanso kuthokoza. Supavaiza ntchito yake ndi anthu osati matumba a simenti, abwana anuwo anayang'ana pamenepo.

Che_Wadi_Joni:
Ine nditsutsako pang'ono. Mawu amenewa mabwana ena amatsekera anthu pakamwa, kuno ku Johannesburg ndaziona, ukangofunsa za ovataimu basi wasanduka wa attitude, amene amangoti yes bwana ndi amene amatchedwa okhwima maganizo. Ndiye aise usangovomera, pita ukawauze akupatse zitsanzo zenizeni, tsiku liti, unanena chani, kwa ndani, ndipo akulembere. Akalephera udziwe kuti mpando uja unali ndi mwini wake kale. Komanso uchenjere, mawu ngati amenewa akalowa mu fayilo amadzatuluka tsiku lofuna kukuchotsa, ngakhale Employment Act ya 2000 kumudziko imati munthu asachotsedwe ntchito pa nkhani ya khalidwe asanapatsidwe mwayi woyankhapo.

Anaphiri_aku_Dedza:
Mwanawe, za kuntchitozo anzako anena, ine chandigwira ndi yankho la mkazi wako. Ndakhalapo pa unkhoswe kangapo, milandu yambiri imene timaitanidwira sikhala ya chibwenzi kapena ndalama monga anthu amaganizira, imakhala ya kayankhulidwe. Mayi akuti ndatopa lero, bambo akuyankha kuti watopa ndi chani poti wangokhala pakhomo. Tikafunsa bamboyo amati ine ndimangonena zoona, ndendende mmene walembera iwe apa. Ndipo amene amati sabisa mawu, iwowo ukawauza zoona zawo ndi amene amayamba kunyanyala nsima. Nkhwangwa imaiwala koma chitsa sichiiwala. Umufunse mkazi wakoyo kuti amatanthauza chani, akamayankha usamudule, usadziteteze, ungomva mpaka amalize.

Nangozo:
Che Wadi mfundo yanu ndi yoona, koma onani kuti olo kukafunsa zitsanzozo pakufunika kuugwira mtima komweko. Akalowa mu ofesi maso ali psuu awapatsa abwana umboni waulere.

Mphwake_wa_Kawale:
Mayi Anaphiri ndawafunsa madamu usiku, mndandanda wake ndi wautali, mpaka nkhani ya mchere wa mu ndiwo pa Khirisimasi yatuluka. Za kwa abwana ndipita Lolemba, koma ndiyambire pati kuti zisaoneke ngati ndabwera kudzayambana nawo?