Subwoofer imodzi yamphamvu kapena ziwiri m'chipinda chochezera?

Mkondanyimbo walemba:
Ndikupempha nzeru kwa inu amene mumadziwa bwino za zoimbira. Chipinda changa chochezera ndi cha mamita 5 m'litali ndi mamita 4 m'lifupi, makoma ake ndi a njerwa ndipo pansi pake ndi pa simenti. Ndili ndi subwoofer (sipika yotulutsa mawu a besi okha) imodzi ya mainchesi 12 imene ndinaiika pakona, koma ndikakhala pakati pa chipinda besi imamveka yofooka, pamene wokhala chakukhoma amadandaula kuti ikugunda mopitirira muyeso. Kodi ndigule ina yamphamvu kwambiri m'malo mwa imeneyi, kapena ndiwonjezere yachiwiri?

Wamawaya wayankha:
Achimwene, vuto lanu likuchokera m'chipindamo, osati mu subwoofer. Mawu amayenda pafupifupi mamita 343 pa sekondi, ndipo mafunde a besi ndi aatali kwambiri, moti akagunda khoma n'kubwerera amakumana ndi amene akutuluka kumene mu sipika, ndiye pamalo ena amaphatikizana pamene pamalo ena amafafanizana. M'chipinda cha mamita 5 zimenezi zimachitika kwambiri cha pa 34 Hz (Hz ndi chiwerengero cha mafunde pa sekondi, chikachepa mawu amakhala akuya), ndipo mbali ya mamita 4 imabweretsa vuto lomwelo cha pa 43 Hz. Pakati pa chipinda ndi pomwe mafunde awiri onsewa amazimirira, chakukhoma ndiye amaunjikana. Makoma a njerwa amakulitsa nkhaniyi chifukwa amabweza besi pafupifupi yonse, mosiyana ndi makoma opepuka a mabodi amene amameza ina. Mukagula yamphamvu, amene ali chakukhoma ndiye adzavutika kwambiri, inu pakatipo simudzapindula zambiri.

Todd Welti wa ku kampani ya Harman anafufuza zimenezi ndipo anazifalitsa mu 2002. Anapeza kuti m'chipinda cha makona anayi, ma subwoofer anayi amachititsa besi kumveka mofanana m'mipando yambiri, komanso kuti awiri oikidwa pakati pa makoma oyang'anizana amachita bwino pafupifupi chimodzimodzi. Ine ndingakulangizeni ziwiri, ina kutsogolo ina kumbuyo.

Agogo a Besi ayankha:
Sinditsutsa zimene zanenedwazi, koma tisathamangire kuwononga ndalama. Ngati nthawi zambiri mumamvetsera nokha, imodzi yoikidwa pamalo oyenera ikhoza kukwanira. Ikani subwoofer pampando wanu, muyatse nyimbo ya besi yosadukiza, kenako muyende chokwawa m'mbali mwa makoma mpaka mupeze pamene besi ikumveka yosalala, ndipo pamenepo ndi pomwe muiike. Sunthaninso mpandowo uchoke pakati penipeni. Chimene ndimadandaula nacho n'chakuti anthu ambiri amagula ziwiri zotchipa poganiza kuti zidzatsika kufika pa mawu akuya, koma ngati iliyonse imalekezera pa 40 Hz, ziwirizo zidzalekezeranso cha pomwepo.

Mayi wa Situdiyo ayankha:
Onse awiri anena zoona, koma ndiwonjezere nkhani yoyeza, chifukwa makutu okha amanamiza. Pali pulogalamu yaulere ya pa kompyuta yotchedwa Room EQ Wizard, imene mukaigwiritsa ntchito ndi maikolofoni yoyezera monga UMIK-1 ya miniDSP imaonetsa pamene besi yakwera ndi pamene yazimirira. Pamene yakwera mukhoza kuichepetsa ndi ikwalaiza (chida chokwezera kapena kutsitsa mbali zina za mawu), koma pamene mafunde akufafanizana simungadzazepo powonjezera mphamvu, mudzangotopetsa amplifaya pachabe. Apa ndi pamene yachiwiri imathandiza kwenikweni, makamaka poti inu mwatchula kale anthu okhala m'mipando yosiyana.

Mukaganiza zogula, yesetsani kupeza yofanana ndi imene muli nayo, ndipo musaziunjike pamodzi. Kuziunjika kumakweza phokoso ndi pafupifupi 6 dB (muyeso wa kukula kwa mawu) koma chipinda chimazitenga ngati imodzi. Yambani ndi crossover (malire pamene subwoofer imalekezera n'kusiyira masipika ena) pa 80 Hz, popeza pansi pa pamenepo khutu limavutika kuzindikira kumene mawu akuchokera, kenako mukonze phase (nthawi imene mafunde amatulukira poyerekeza ndi a inzake) ya yakumbuyoyo mpaka ziwirizo zigwirizane pampando wanu.

Mkondanyimbo walembanso:
Zikomo kwambiri nonse. Ndiyamba ndi kusuntha mpando ndi subwoofer monga anenera agogo, kenako ndiyeze. Koma pakati pa khoma lakumbuyo pali chitseko cha kukhitchini, ndiye ndifunse: kodi kuika ziwirizo pakati pa makoma a m'mbali kungathandize mofanana?