Kodi mapiri sakumanadi?

Wa ku Chilobwe: Akuluakulu, ndithandizeni. Dzulo m'minibasi ya ku Limbe ndinapezana ndi mnzanga amene tinasiyana tili ku pulayimale. Mayi wina atationa tikukumbatirana anati, "Mapiri ndiwo sakumana, anthu amakumana." Iwo ananena mosangalala, koma malemu agogo anga ankaunena mwambiwu moopseza. Tanthauzo lenileni ndi liti?

Gogo wa ku Ndirande: Mwanawe, agogo akowo ndiwo ankaudziwa. Ndi chenjezo: usamulakwire munthu poganiza kuti mwasiyana basi, mawa udzamupeza ali pa mpando womwe ukukapemphapo thandizo. Soche ndi Ndirande angoyang'anizana chikhalire, koma iwe uli ndi miyendo.

Wophunzira za miyala: Pepani agogo, ndilowererepo. Mapiri amakumana ndithu, kungoti amachedwa. Dziko lapansili lili m'zigawo zikuluzikulu za miyala zomwe zimasuntha masentimita ochepa pa chaka. Chigawo cha India chinagundana ndi cha Asia zaka pafupifupi 50 miliyoni zapitazo, mpamene anatumphuka mapiri a Himalaya. Nyanja ya Tethys yomwe inali pakatipo inatha chifukwa pansi pake pankamira kunsi kwa chigawo chinzake, zomwe timati subduction. Chigawo chomiracho chikafika makilomita ngati 100 pansi chimatulutsa madzi, ndipo madziwo amasungunulitsa miyala yotentha ya pamwamba pake, n'kukhala chiphalaphala.

Chondikomera ine n'chakuti zidutswa zina za pansi pa nyanja sizinamire, zinakankhidwira kumtunda. Zimatchedwa ophiolite. Ku Troodos, m'dziko la Cyprus, komanso ku Oman, munthu umakwera phiri n'kumaponda chiphalaphala chomwe chinaumira m'madzi zaka zoposa 90 miliyoni zapitazo, chili mibulumibulu ngati mapilo. Dzina loti ophiolite n'lochokera ku Chigiriki, kutanthauza mwala wa njoka.

Wa ku Bangwe: Mwala wa njoka? Achimwene, mwayamba za Napolo tsopano.

Wophunzira za miyala: Ayi achimwene, ndi mwala wobiriwira woterera ngati khungu la njoka basi. Ndipo kwathu kuno agogo sanalakwe. Mulanje ndi chiphalaphala chomwe chinazizirira pansi pa nthaka zaka ngati 130 miliyoni zapitazo, popanda kugundana kulikonse. Kuno nthaka ikung'ambika, n'chifukwa chake kuli Nyanja ya Malawi ndi zivomerezi ngati za ku Karonga mu 2009.

Wa ku Chilobwe: Ndamva. Kungoti mnzanga uja potsika pa Chichiri anandikumbutsa za mpira wake womwe ndinaphulitsa tili Sitandade 6.