Mawu a Chingerezi ndimaloweza, koma polankhula sabwera pakamwa

Tadala:
Abale, ndithandizeni. Munthu akamaloweza mawu 20 patsiku kuchokera mu dikishonale, n'chifukwa chiyani pakatha sabata ambiri amakhala atathawa, otsalawo n'kumakana kubwera nthawi yolankhula? Njira yodalirika yochulukitsira mawu ndi iti?

Aphunzitsi a Chingerezi:
A Tadala, vuto lagona pa kuloweza liwu lili lokhalokha. Liwu lililonse lili ndi anzake oyenda nawo, ndipo mukalidziwa popanda anzakewo, Chichewa ndicho chimadzaza mpatawo. Ife timati mvula yamphamvu, choncho munthu amathamangira "strong rain", pomwe eni ake amati "heavy rain". Koma mphepo ndiye imakhala "strong wind". Taonaninso "kumva": timamva nyimbo, timamva kuzizira, timamva fungo, timamva zimene wina akutanthauza. Ku Chingerezi amenewa ndi mawu anayi, "hear", "feel", "smell" ndi "understand". Chimodzimodzi "ndibwereke cholembera", ndiko kumachokera "borrow me your pen", m'malo mwa "lend me your pen".

Ndiye m'kope mwanu musamalembe liwu ndi tanthauzo basi. Lembani chiganizo chonse chimene munalipezamo, anzake awiri kapena atatu, ndi abale ake, monga "decide", "decision", "decisive". Mukatero, 20 patsiku achuluka kwambiri. Mawu 6 kapena 8 akwanira.

Mayi Phiri:
Ndiwonjezepo za dikishonale. Gwiritsani ntchito yolembedwera ophunzira, monga Oxford Advanced Learner's Dictionary kapena Longman Dictionary of Contemporary English. Ya Longman imafotokoza matanthauzo ndi mawu osavuta pafupifupi 2,000 okha, kotero simusochera pofunafuna tanthauzo la tanthauzo. Muziyang'ananso zilembo C ndi U pafupi ndi dzina. C akutanthauza chinthu chowerengeka, U chinthu chosawerengeka, n'chifukwa chake kulibe "advices", "informations" kapena "furnitures".

Komanso si liwu lililonse loyenera nthawi yanu. Yambani ndi Oxford 3000, mndandanda wa mawu 3,000 ofunika kwambiri kwa wophunzira. Katswiri wina, Paul Nation, anapeza kuti pamafunika mabanja a mawu 8,000 mpaka 9,000 (banja ndi liwu pamodzi ndi abale ake) kuti munthu adziwe mawu 98 pa 100 aliwonse m'buku wamba. Phunziro lake n'lothandiza posankha chowerenga: werengani mawu 100 patsamba limodzi, ndipo achilendo akapitirira 5, bukulo lakula, lisiyeni kaye. Mungomangokhalira kutsegula dikishonale mpaka nkhani kukutayikani.

Limbani:
Kuthawa kwa mawuko si uchitsiru ayi, ndi mmene mutu ulili. Katswiri wa ku Germany, Hermann Ebbinghaus, anasonyeza kale mu 1885 kuti zambiri zimaiwalika m'maola ndi masiku oyambirira. Mankhwala ake ndi kubwereza motalikitsa nthawi: mawa lake, pakatha masiku 3, pakatha sabata, kenako mwezi. Makadi apepala ndi timabokosi titatu zimagwira ntchito, njira ya Sebastian Leitner. Khadi limene mwakhoza lipite m'bokosi lotsatira, limene mwalephera libwerere m'bokosi loyamba. Pa foni, pulogalamu ya makadi yotchedwa Anki imakuwerengerani masikuwo yokha.

Koma ambiri amalakwitsa apa: amaika liwu la Chingerezi kutsogolo, tanthauzo kumbuyo. Izi zimangophunzitsa kulizindikira liwulo mukaliona, osati kulitulutsa. Tembenuzani. Kutsogolo lembani chiganizo chokhala ndi mpata, monga "They had to ___ ___ the meeting until Friday", kumbuyo "put off". Yankhani mokweza musanatembenuze khadilo, kenako pangani chiganizo chanu chokhudza zimene mwachita tsikulo.

Aphunzitsi a Chingerezi:
Zoona a Limbani. Ndipo "put off", "put up with" ndi "put out" musawaphunzire tsiku limodzi, amasokonezana chifukwa chofanana. Pakati pawo pazidutsa masiku angapo.