Tikulemba ntchito katswiri wa za chuma: mu kontrakiti tiikemo chiyani?

Mlembi wa ku Mufakose, mu mzinda wa Harare ku Zimbabwe:
Akuluakulu, bungwe lathu lothandizana pa maliro lakula, ndipo komiti yagwirizana zopeza katswiri woti aunike mabuku athu ndi kutikonzera dongosolo latsopano lolembera zopereka za mamembala. Amene tapezayo akufuna theka la malipiro asanayambe, ndipo akuti kalata yachidule ndi yokwanira. Kodi mu kontrakiti ndi mu ndondomeko ya ntchito muyenera kukhala zotani?

Mayi a ku Highfield:
Bambo mlembi, kalatayo ikaneni mwaulemu. Malipiro ayendere zinthu zimene katswiriyo wapereka m'manja mwanu, osati masiku amene wakhala pa tebulo akutembenuza mapepala. Mu ndondomeko mulembe gawo lililonse ndi tsiku lake: lipoti loyamba lofotokoza mmene wapezera mabuku, kaundula wa mamembala wosonyeza olipira ndi a ngongole, kenako kuphunzitsa msungichuma mpaka athe kulemba yekha. Mutchulenso amene adzavomereze gawo lililonse ndi masiku amene komiti ili nawo kuti iyankhe, chifukwa nthawi zambiri ntchito imachedwa ndi ife eni ake, malisiti ali m'thumba la shuga kunyumba kwa wapampando. Theka landichulukira, perekani zochepa zoyendera, zina zidikire lipoti loyamba.

Wowerengera ndalama wa ku Mbare:
Mayi anena zoona, koma musaiwale msonkho. Mupempheni katswiriyo chiphaso cha ZIMRA, bungwe la boma lotolera misonkho ku Zimbabwe, chotchedwa ITF263, chosonyeza kuti nkhani zake za msonkho zili bwino, musanasayinirane. Ngati bungwe lanu linalembetsa ku ZIMRA ndipo iye alibe chiphasochi, lamulo limakukakamizani kudula 30 peresenti ya malipiro opitirira malire amene anaikidwa ndi kuitumiza komweko. Zimenezi zilembedwe poyera kuti asadzadabwe. Mulembenso ngati mudzalipira m'madola a ku America kapena mu ZiG, ndalama ya ku Zimbabwe imene inayamba mu Epulo 2024, komanso kuti ndalama imene banki imadula idzachoka kwa ndani.

Gogo wa ku Dzivarasekwa:
Ana anga, mabukuwo ali ndi mayina a amoyo ndi a malemu. Mulembe kuti sadzaonetsa wina aliyense, kuti mafayilo onse ndi a bungwe, ndiponso kuti ntchito ikalephereka panjira adzabweza mabuku onse asanalandire kalikonse kotsala.