Thandizo kwa dalaivala wodulidwa mwendo ku Mzuzu

Abale, ndithandizeni nzeru. Achimwene anga ankayendetsa takisi kuno ku Mzuzu, pakati pa tauni ndi Luwinga, koma anadulidwa mwendo wamanja atachita ngozi. Bala linapola, manja ngamphamvu, ndipo akufunitsitsa kubwerera pa chiwongolero kuti ana adye.

Sienta yawo ndi ya otomatiki. Chatsala n'kuikamo chogwirira chapamanja chopangira buleki ndi kuwonjezera moto, koma ndalama zinathera kuchipatala. Kodi mabungwe oona za anthu aulumali monga MACODA, yomwe kale inali MACOHA, kapena FEDOMA amathandizako pa zoterezi? Nanga ku Road Traffic amayamba afuna kalata ya dokotala asanawayesenso? Ngati mukudziwa makaniko amene anagwirapo ntchito yotere kuno kumpoto, tiuzeni, chifukwa mabuleki sitingapatse munthu wongoyesa.