Mwana wanga akukachitidwa opaleshoni yowongola diso: ndiyembekezere zotani?

Mayi wa Awiri:
Mwana wanga wamkazi wa zaka 4 ali ndi diso lakumanzere lokhotera kumphuno, ndipo ngakhale wavala magalasi chaka chathunthu, silinawongoke mokwanira. Adokotala ati achitidwe opaleshoni mwezi wamawa. Chimene chikundisowetsa tulo ndi zimene achibale akunena, zoti disolo amayamba alitulutsa kenako n'kulibwezera. Kodi zimenezi n'zoona? Nanga tikadzabwerera kunyumba ndidzaona zotani?

Namwino wa za Maso:
Mayi, mtima ukhale m'malo, diso silitulutsidwa. Diso lililonse limayendetsedwa ndi timinofu 6 timene tinamatirira kunja kwake, ndipo opaleshoniyi imakhudza timinofuto basi. Dokotala amacheka kakhungu kopyapyala kamene kamakuta mbali yoyera ya diso, ndipo kamnofu kamene kakukoka mopitirira amakamasula n'kukasokerera cham'mbuyo ndi mamilimita ochepa kuti mphamvu yake ichepe, pamene kamnofu kamene kakufunika kukoka kwambiri amakafupikitsa. Musadzadabwe akadzakuuzani kuti agwira maso onse awiri ngakhale lokhota likuoneka limodzi, chifukwa maso amayendera limodzi.

Mwanayo adzagonetsedwa ndi mankhwala, choncho adzakuuzani nthawi yosiyira kumudyetsa, kawirikawiri maola 6 opaleshoni isanayambe. Lamulo limeneli musaliphwanye ngakhale alire bwanji, popeza chakudya chikhoza kubwerera n'kulowa m'mapapo iye ali mtulo. Akadzakhala ndi chimfine kapena kutentha thupi, mudzanene msanga. Ntchitoyo imatenga pafupifupi ola limodzi, ndipo ana ambiri amatuluka tsiku lomwelo.

Bambo wa Mapasa:
Wanga anachitidwa ali ndi zaka 5. Chimene chinandidula mtima ndi mmene anadzukira: ankalira, akukana kutsegula maso, ndipo misozi yake inali yosakanikirana ndi timagazi moti kansalu kamene ndinkamupukutira kanafiirira. Anasanzanso kawiri, ndipo anamwino anati zimenezi zimachitika kawirikawiri pa opaleshoni ya mtundu umenewu. M'mawa mwake anali akusewera, kungoti ankadandaula kuti m'diso muli mchenga. Umenewo ndi ulusi wosokera, ndipo umasungunuka wokha. Kufiira kwa diso kunatenga milungu ingapo kuti kuthe.

Ntchito yaikulu inali mankhwala odonthezera. Ine ndinkamugoneka chagada atatsinzina, n'kudonthezera pakona ya diso pafupi ndi mphuno, ndipo akaphethira mankhwalawo ankalowa okha. Anabwerera kusukulu patatha mlungu umodzi, koma kusambira m'dziwe tinamuletsa kufikira adokotala atavomereza.

Mayi wa Awiri:
Zikomo kwambiri nonse, mwanditula katundu. Ndiye kuti magalasi adzasiya?

Namwino wa za Maso:
Mwina ayi, ndipo apa ndi pamene makolo ambiri amakhumudwa. Opaleshoni imawongola kumene diso likuyang'ana, koma siiwonjezera mphamvu yoonera. Ngati ubongo unazolowera kunyalanyaza diso lokhotalo, mwanayo adzafunikabe magalasi, mwinanso kumata diso labwinolo kwa maola angapo patsiku kuti lofookalo ligwire ntchito. Ana ena amaona zinthu ziwiriziwiri kwa masiku ochepa, ndipo ena amadzafunika opaleshoni yachiwiri chifukwa diso silinawongoke ndendende, zimene sizitanthauza kuti yoyambayo inalakwika. Koma mukadzaona ululu ukukulirakulira, zikope zikutupa kwambiri, mafinya akutuluka, mwana sakuona bwino, kapena diso likukanika kutembenukira mbali ina, mudzabwerere kuchipatala tsiku lomwelo osadikira tsiku limene anakulemberani.