Ana aloweza ndakatulo koma imelo ikuwakanika

Mphunzitsi wa ku Ulónguè:
Aphunzitsi anzanga a Chingelezi kuno ku Mozambique, ndigawireniko nzeru. Trimestre ino ndinapatsa ana a 9ª classe ndakatulo ya Chingelezi yokamba za kudzitukula, ya munthu amene wasiya ulesi n'kuyamba kulimbikira. Aloweza bwino, ena mpaka amalakatula akugwedeza manja. Kenako ndinawauza kuti alembe imelo yopempha malo ophunzirirako ntchito pa tchuthi. Zimene ndalandira n'zofooketsa. Ambiri alemba requerimento yeniyeni, kalata ija yopemphera zinthu ku maofesi m'Chipwitikizi, kungoti mawu ake ndi a Chingelezi. Akuyamba ndi "Most Excellent Sir, I come by this means", amene ndi "Venho por este meio" uja. Ena angokopera mizere ya ndakatulo n'kuika dzina pansi. Turma (kalasi) iliyonse ili ndi ana opitirira 70, makompyuta tilibe, phunziro ndi la mphindi 45. Nditani?

Mphunzitsi wa ku Tsangano:
Achimwene, ndinena mosapsatira mawu. Ndakatulozo zisiyeni. Mwana wathu amayankhula Chichewa kunyumba, kusukulu aphunzira m'Chipwitikizi, Chingelezi chikubwera chachitatu, ndiye mukumusenzetsanso mawu okuluwika? Mpatseni chitsanzo cha imelo pa quadro, akopere, aloweze, basi. Mwana akadzafuna ntchito ku migodi ya malasha ku Moatize sadzamuuza kuti alakatule.

Mphunzitsi wa ku Zóbuè:
Bambo a ku Tsangano, ulemu wanu, koma apo sindikuvomera. Kuloweza chitsanzo n'kumene kwabala "I come by this means". Mwana woloweza akasinthiridwa funso pang'ono amangoti kakasi.

Ine ndikuona kuti vuto si ndakatulo ayi. Vuto ndi lakuti ndakatuloyo ndi ya munthu wina, ndipo imelo yabwera ngati phunziro lina losagwirizana nayo. Achimwene a ku Ulónguè, yesani kuti ana alembe yawoyawo, ya mizere inayi yokha, pa mafupa amene inu mwawapatsa:

Last year I...
Now I...
Next year I will...
Because I want to...

Mwana wina wanga analemba kuti chaka chatha ankafika mochedwa, tsopano amatunga madzi usiku kuti m'mawa anyamuke msanga. Palibe mawu ogometsa pamenepo, koma nthawi zitatu za mneni zalowa zonse, yapita, yatsopano ndi yam'tsogolo, ndipo nkhaniyo ndi yake, sangaiiwale. Tsiku lotsatira mizere yomweyo ndi imene imakhala thupi la imelo. Wolemba akudzifotokoza kumene wachokera, pamene ali, ndi chimene akufuna. Kodi kalata yopempha malo imanenanso china choposa pamenepa?

Mphunzitsi wa ku Ulónguè:
Mayi, apa mwanditsegula maso. Nanga kugwirizana kwa mawu kumapeto kwa mizere? Ana anga akangomva kuti poem amafuna mzere uliwonse uthere mofanana, ndiye amalemba zopanda mutu.

Mphunzitsi wa ku Zóbuè:
Aletseni poyamba pomwe. Auzeni kuti kubwereza "I" pa mzere uliwonse n'kokwanira kupereka kamvekedwe. Ndakatulo zathu za Chichewa zimene amamva pa mawailesi a ku Malawi zimayenda ndi kubwereza komweko, ndiye sizikhala zachilendo m'makutu mwawo.

Mphunzitsi wa ku Furancungo:
Ndilowepo pa za makompyuta, chifukwa kuno ku Macanga n'chimodzimodzi. Imelo timailemba pa pepala. Ndimajambula bokosi pa quadro, pamwamba To, pansi pake Subject, kenako malo a uthenga. Ana amang'amba tsamba la pakati pa caderno n'kujambula zomwezo. Ndimawagawa m'magulu a anthu sikisi kapena seveni, gulu lililonse ndi adiresi yake yopeka imene timamata pa desiki. Chefe wa turma ndiye netiweki yathu, amanyamula mapepala kupititsa ku gulu lolembedwa. Lamulo ndi limodzi: adiresi ikalakwika ngakhale kadontho kamodzi, pepala libwerera kwa mwini wake. Amaseka, koma kuyambira pamenepo sayiwalanso kuti mu adiresi mulibe mpata pakati pa zilembo.

Chimene chimathandiza koposa ndi yankho. Gulu lolandira liyenera kuyankha, ndipo ngati silinamve chimene akupemphedwa limalemba kuti silinamve. Mwana akauzidwa ndi mnzake kuti imelo yake ndi yosamveka zimamupweteka kuposa cholembera chofiira cha mphunzitsi.

Kumapeto ndimasankha imodzi yabwino, timailemba pa foni yanga onse akuona, n'kuitumiza kwa mphunzitsi mnzathu wa pasukulu pomwepo. Ma megas ake ndi ochepa, kungoti muyang'ane tsiku limene Movitel kapena Vodacom ikugwira bwino kwanuko.

Mphunzitsi wa ku Tsangano:
Zonsezi n'zokoma kumva. Nanga kuchonga? Ma turma asanu, ana 70 iliyonse, ndi mapepala 350. Muchonga liti, poti pauta, pepala la malikisi a ana, ikudikira?

Mphunzitsi wa ku Furancungo:
Funso lenileni limenelo, akuluakulu. Ndakatulo sindichonga, amangowerengerana m'magulu, ine ndikuzungulira. Imelo yoyamba ndi ya gulu, ndiye pa turma ndimatenga mapepala khumi kapena khumi ndi limodzi. Ya munthu payekha imabwera kamodzi, ndipo ndi imene ndimaiwerengera ngati ACS, mayeso a mkati mwa trimestre. Pa malikisi 20 paja ndimayang'ana zinthu zochepa: Subject ikunena nkhani, moni ndi kutsanzika zili m'malo mwake, pempho likumveka m'mizere iwiri yoyamba, aneni ali pa nthawi yoyenera. Kalembedwe ka mawu ndimangodula mzere pansi, osachotsa malikisi ambiri. Mukayamba kusaka cholakwika chilichonse mudzagona ndi mapepala.

Mphunzitsi wa ku Dómuè:
Ndiwonjezere kamodzi pa za Chipwitikizi. Ana salakwa dala. Requerimento amaiona paliponse, ku secretaria, ku boma, ndipo anaphunzira kuti ulemu ndi kuzungulira kaye usananene chimene wadzera. Kwathu komwe sufika pakhomo pa munthu wamkulu n'kuyamba ndi pempho. Ndiye ukawauza kuti alembe "I am writing to ask for" pa mzere woyamba amaona ngati mwano. Ine ndimaika makalata awiriwo pambalipambali pa quadro, n'kuwasonyeza kuti ulemu wa m'Chingelezi uli mu "Dear", "please", "could you" ndi "thank you", osati m'kutalika kwa mawu oyamba. Muchenjerenso ndi "I pretend to work" ndi "I have 15 years", zimene amalemba pomasulira Chipwitikizi liwu ndi liwu pofuna kunena kuti akufuna kugwira ntchito ndi kuti ali ndi zaka 15. Zimenezi zituluka ndithu pa mzere wachinayi wa mafupa a mayi a ku Zóbuè ndi podzifotokoza, choncho zikonzeni zikadali m'ndakatulo zisanalowe mu imelo.

Komanso kuno kumalire timakhala ndi ana amene anayambira sukulu ku Dedza kapena ku Ntcheu. Chingelezi chawo chili patsogolo, ngakhale Chipwitikizi chimawavuta. Musawaunjike gulu limodzi, mwazani mmodzimmodzi.

Mphunzitsi wa ku Tsangano:
Chabwino, ngati ndakatulo yake ndi ya mizere inayi ndipo ikuthera mu imelo, sinditsutsa. Chimene ndimakana ndi kutha milungu iwiri ana akulakatula za munthu wa kutsidya kwa nyanja. Koma muiike mu dosificação, ndondomeko ya maphunziro a trimestre, a pedagógico oyang'anira kaphunzitsidwe pasukulu asadzakufunseni kuti mwaitenga kuti.

Mphunzitsi wa ku Ulónguè:
Zikomo nonse. Ndiyamba Lolemba ndi turma imodzi: mizere inayi pa phunziro loyamba, imelo ya gulu tsiku limene ndili ndi maphunziro awiri otsatizana, mayankho mlungu wotsatira. A ku Furancungo, munditumizireko chithunzi cha bokosi lanu la pa quadro ndi mmene mumagawira malikisi 20 aja.

Mphunzitsi wa ku Furancungo:
Ndijambula mawa ndisanafufute. Subject ndimaipatsa 3, moni ndi kutsanzika 4, pempho 7, aneni 6.